Kodi sikelo amaiyeza ndani?

Mwezi wa Meyi ukangolowa, mitengo ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Mponela kupita ku Ntchisi imayamba kubala zipatso zachilendo. Pa nthambi ya mango palendewera sikelo, pa nthambi ya bulugamu sikelo, ndipo pamene palibe mtengo anyamata amazika mapolo atatu n'kukolekapo ina. Pambali pake amatsamiritsa katoni yolembedwa ndi khala: tikugula soya, tikugula mtedza, tikugula chimanga. N'chimodzimodzi ku Madisi, ku Nambuma, ku Malomo, ku Kamsonga, ku Chezi. Mlimi amene wakhala akuwerama m'munda kuyambira Novembala amatsika phiri ndi thumba panjinga, n'kulipereka kwa kamuvi kachitsulo kuti kamuuze kulemera kwa thukuta lake. Kamuvi kakati 46, ndiye kuti 46 basi. Pa mtengo timakangana mpaka kusasa mawu, koma kamuvi kakaloza nambala tonse timangoti zii ngati yalankhula mfumu.

Ine ndikuti ulemu umenewu tauonjeza. Sikelo ndi chitsulo chosulidwa ndi munthu. Imalakwitsa, imakalamba, ndipo ukaiphunzitsa bodza imaligwira msanga kuposa mwana. Chida chilichonse choyezera chiyenera kuyezedwa nachonso, pamaso pa munthu amene katundu wake akuyezedwayo, asanakhulupirire nambala yake. Mwina museka mukamva kumene ndinaphunzira zimenezi. Ndinaziphunzira kwa anthu olemera a kunja amene amasunga miyala ya m'nyanja m'magalasi.

Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, anapita ku Joni zaka zingapo zapitazo monga achitira anyamata ambiri akuno. Anayamba ndi kusesa pabwalo ndi kutchetcha kapinga, kenako anapeza ntchito ku Durban m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'mathanki agalasi. Nsombazi si zandiwo, n'zongoyang'ana. Zina mwa izo ndi mbuna za m'nyanja yathu yomweyi, zimene ana a ku Senga Bay amasambira nazo osaziwerengera n'komwe. Koma ndalama zenizeni, iye akuti, zili pa mathanki a madzi amchere momwe mabwana amasungiramo makorali. Atabwera chaka chatha kudzaona mayi ake nthawi yokolola, anationetsa zithunzi pafoni. Mlongo wanga anayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Ndiye mabwana akowo amakulipira kuti uzilera miyala?" Tonse tinafa nacho chikhakhali. Iye anati, "Amayi, miyala imeneyi imafa. Ikangofa, ine ntchito yandithera."

Makorali amaoneka ngati miyala yamaluwa kapena nthambi zouma, koma ndi tinyama ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala pamodzi, timene timadzimangira chigoba cholimba. Amapezeka m'nyanja zamchere zofunda, monga kugombe la Mozambique kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto. M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, ndipo nderezi zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga limachitira tsamba la chimanga. Korali amapereka pogona, ndere zimabweretsa chakudya. Kuwala kukachepa, korali amanyentchera ngati mbewu yomera pansi pa mtengo wa mango. Kukachuluka mopitirira, amalavula nderezo n'kuyera mbuu, ndipo akapanda kuchira amafa ndi njala. Tsono munthu wosunga makorali m'nyumba, momwe dzuwa lake ndi nyali yamagetsi, ayenera kudziwa kuchuluka kwa kuwala kumene kukufika pa korali aliyense. N'chifukwa chake amagula zipangizo zoyezera kuwala.

Kasitomala wina, anatero muphwa wangayo, anachotsa nyali zake zakale n'kuika za LED zowala mwabuluu. Ataziyatsa, m'thanki munkaoneka ngati kwagwa chisisira. Anatenga kachipangizo kotchipa koyezera kuwala, kaja kamawerenga mu lux, n'kupeza kuti nambala yatsika kwambiri. Diso linati kwada, kachipangizo kanavomera kuti kwadadi. Mboni ziwiri zagwirizana, angatsutse ndani? Bamboyo anatsegula nyalizo mpaka kumapeto. Mwezi usanathe, makorali onse a pamwamba anali atayera ngati ufa wapamphasa.

Kachipangizoko sikanali kowonongeka. Vuto linali lakuti mboni ziwirizo zinali za bere limodzi. Muyezo wa lux anaukonza potsanzira diso la munthu. Mu 1924 bungwe la akatswiri a za kuwala lotchedwa CIE linagwirizana za mmene diso limamvera mitundu ya kuwala, ija timaiona mu utawaleza, ndipo zipangizo za lux zimatsata zomwezo mpaka lero. Diso lathu limaona kwambiri kuwala kobiriwira kopita kuchikasu, kumene pa muyezo wa mitundu ya kuwala ndi kwa nanomita 555. Kuwala kwabuluu kwa nanomita 450, ngakhale kutakhala ndi mphamvu yofanana, diso limangotolapo magawo 4 okha pa 100. Pamene m'nyanja, madzi amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyambirira, kwabuluu ndiko kumalowa pansi, ndipo ndere za m'makorali zimakudya bwino kuwala kumeneku. Bambo uja anafunsa kachipangizo kake ngati makorali akukhuta. Iko kanayankha funso lina, loti kodi munthu angathe kuwerenga nyuzipepala pamenepa.

Odziwa ntchitoyi amagwiritsa ntchito chipangizo china, cha PAR, chimene chimawerenga kuwala konse kwa pakati pa nanomita 400 ndi 700, kumene zomera zimapangira chakudya, kaya diso likukuona bwino kaya ayi. Muyezo umenewu unakhazikika potsatira kafukufuku wa Keith McCree wosindikizidwa mu 1972, ndipo dzuwa la masana lopanda mitambo limafika pafupifupi 2,000 pa muyezowu. Zipangizo zodziwika bwino zimapangidwa ndi makampani a ku America monga LI-COR ndi Apogee, ndipo mtengo wake ndi madola mazanamazana. Wina angaganize kuti chinthu chodula choncho sichinganame. Nachonso chili ndi zilema zake. Diso lake amaliyezera pamtunda, choncho ukalimiza m'madzi limawerenga zochepa kuposa zenizeni. Kampani ya Apogee inalengeza yokha kuti pa mtundu wina wa zipangizo zake, nambala yowerengedwa m'madzi izichulukitsidwa ndi 1.32, kutanthauza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 limakhala litasowa. Zipangizo zina zakale zinkawerenga bwino padzuwa n'kumaperewera pa nyali zabuluu. Ukachipendeketsa pang'ono nambala imasintha. Mafunde akamavina pamwamba, nambala nayo imavina. Ndipo opangawo amalangiza kuti pa zaka 2 zilizonse chipangizo chizibwerera kukayezedwanso, chifukwa chimatopa.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene eni mathankiwo amakhalira ndi zida zazilemazi. Sanazitaye n'kubwerera ku diso, komanso sazigwadira. Amaika ziwiri pamalo amodzi kuti aone ngati zikugwirizana. Amayeza malo angapo, kangapo, n'kumalemba m'kabuku. Amene sangakwanitse kugula chake amabwereka kusitolo, kapena amasonkherana ndi anzake m'kalabu, chipangizo chimodzi n'kumayenda khomo ndi khomo. Khama lonseli akuchitira kanyama ka m'galasi kamene sikadyedwa, sikalipira fizi ndipo sikagula feteleza.

Patapita masiku angapo muphwa wanga atabwera, tinaperekeza mlongo wanga kukagulitsa soya. Matumba anali 6, osokedwa mpaka kukamwa, ndipo tinawakweza pangolo. Pamalo ogulirapo tinapeza mnyamata wa jekete lachikopa, kachikwama ka ndalama kali m'chiuno. Anzake awiri ananyamula thumba loyamba n'kulikoleka. Kamuvi kanathamanga, kananjenjemera, ndipo kasanaime n'komwe mnyamatayo anali atakuwa kale kuti, "46!" thumba n'kutsitsidwa. Nkhope ya sikelo inali itayang'ana kwa iye. Ife tinkangoiona kumsana.

Muphwa wanga anati, "Akulu, tadikirani kaye." Anaimitsa mtsikana wina amene ankachokera kumjigo ndi chigubu cha malita 20 chodzaza, n'kumupempha kuti atibwereke kwa kanthawi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Malume, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, kaya ku Durban kaya kuno. Chigubu ichi chiyenera kupitirira 20 pang'ono chifukwa cha pulasitikiyu." Anachikoleka. Kamuvi kanakaima pa 19. Anthu amene anali pamzere anayamba kusendera pafupi. Mnyamata uja sanakwiye, manyazinso sanachite. Anangoti, "Madala, sikeloyi ndi ya abwana, ine angondituma. Ngati simukufuna, pitani naye kwina soya wanuyo." Mlongo wanga anandikoka malaya n'kunong'ona kuti, "Achimwene, tisayambane nawo. Kwinako n'kuti? Ngolo ndalipira kale, ndipo mawa mwana akufunika ndalama ya mayeso." Khoswe anali atakhala pamkhate. Tinagulitsa.

Werengani nokha. Makilogalamu 4 pa thumba lililonse la 50, matumba 6, ndiye kuti makilogalamu 24, pafupifupi theka la thumba. Mlimi wa matumba 25 amataya matumba 2 athunthu osaona wakuba. Munthu atalowa m'nyumba usiku n'kusenza matumba 2 a soya, mudzi wonse ungadzuke ndi zibonga. Uyu amatenga dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona, ndipo mwini katundu pochoka amawomba m'manja n'kunena kuti zikomo bwana.

Chaka chilichonse Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, pa kilogalamu. Mawailesi amaulutsa, aphungu amakangana, mabungwe a alimi amadandaula kuti yachepa. Koma mtengo wa pa kilogalamu umayenda ndi miyendo iwiri, wa kwacha ndi wa kilogalamu, ndipo tonsefe timalondera mwendo wa kwacha wokha. Venda wochenjera sachita kuphwanya mtengo wa boma. Amaulemba pakatoni ndi zilembo zikuluzikulu, mwinanso kuwonjezerapo kangachepe kuti akope anthu, n'kukabweza zake pa kamuvi. Kilogalamu ikakhala yotamuka ngati legeni, mtengo wolengezedwa ku Capital Hill umafika kwa Chilooko uli nthabwala.

Chipangizo choyezera chinyezi ndiye chimafanana kwambiri ndi cha makorali chija. Timamva chaka ndi chaka kuti ADMARC kapena NFRA sangayambe kugula chimanga mpaka chinyezi chitatsika kufika cha m'ma 13 peresenti, ndipo chifukwa chake n'chomveka, pakuti chimanga chosauma chimachita chuku m'nkhokwe. Ogula akuluakulu a soya ndi mtedza nawonso ali ndi tizipangizo tawo. Koma kachipangizoko sikaona madzi. Kamayeza mmene mbewu zikuyankhira mphamvu ya magetsi, kenako n'kusandutsa yankholo kukhala nambala potsata ndondomeko imene anakaikira kufakitale, ndipo mbewu iliyonse ili ndi ndondomeko yakeyake. Ukayeza soya iko katatcheredwa pa chimanga, nambala ituluka ndithu, yooneka bwinobwino, koma yabodza. Mbewu zikakhala zotentha chifukwa zangochoka padzuwa, nambala imasuntha. Ukatapa pamwamba pa thumba pokha, wamva za pamwambapo basi. Njira yotsimikizira ndi ya mu labotale, kumene amayeza mbewu, n'kuziumitsa mu uvuni, n'kuziyezanso kuti aone madzi amene achoka. Ndi mlimi uti wa kwa Chikho kapena kwa Kayembe anafunsapo kuti kachipangizo ka wogula kanafananizidwa liti ndi uvuni? Amangomva kuti "sanaume uyu", n'kumudula makilogalamu kapena mtengo.

Malamulo alipo. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards (MBS) linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lamulo la miyezo la 2016 limafuna kuti sikelo yochitira malonda iziyezedwa ndi kudindidwa. Nkhaniyi dziko lonse lapansi linaivutikira. Pa 20 Meyi 1875 mayiko 17 anasaina pangano la miyezo ku Paris. Kuyambira 1889 kilogalamu yeniyeni inali kachitsulo kosungidwa mosamala ku Sèvres, ndipo asayansi ataona kuti kachitsuloko ndi tinzake tofanizira tikusiyana pang'onopang'ono, anasintha tanthauzo la kilogalamu kuyambira pa 20 Meyi 2019. Ngati kholo la masikelo onse analikayikira n'kuliyeza, sikelo ya pamtengo wa mango ndi yani kuti isafunsidwe? Kilogalamu ili ngati ufumu, iyenera kukhala ndi mzere wa makolo wodziwika. Sikelo ya venda iyezedwe ndi mwala wa MBS, mwala wa MBS uyezedwe ndi wina wouposa, mpaka kukafika kutsinde. Mzerewo ukaduka penapake, wakhala pampandoyo ndi wolanda.

Nyengo yogula mbewu timamva kuti akuluakulu a MBS alanda masikelo osavomerezeka m'misika. Ndi ntchito yabwino, koma payokha ikufanana ndi kutungira madzi m'dengu. Maofesi awo akuluakulu ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, pamene masikelo ali m'zigwa za kwa Kasakula ndi kwa Nthondo kumene galimoto imafika mokwawa, ndipo amasamuka usiku umodzi. Sikelo yodindidwa mu Epulo ikhoza kupotokoledwa mu Juni. Chidindo chimachitira umboni tsiku limene woyezayo anabwera, za lero sichidziwa. Tikamadikira kuti munthu wochokera ku Lilongwe adzatiimirire pa thumba lililonse, tikudzinamiza tokha.

Ndikudziwa zimene mavenda anene, ndipo ndinazimvapo kale: alimi nawonso si angelo. N'zoona. Alipo othira mchenga mu soya, owaza madzi pa mtedza, obisa fodya wachabechabe pakati pa belo. Mtedza wonyowetsedwa umachita chuku, chimene chimatitsekera misika yakunja n'kudwalitsa ana athu omwe. Khalidwe limeneli sindiliikira kumbuyo. Koma wogula ali nazo zodzitetezera. Amabaya thumba ndi chitsulo, amakhuthulira pansi, amapeta, akafuna amakana. Nanga mlimi ali ndi chiyani? Komanso sikelo yobera sisankha nkhope. Imadula wamchenga ndi wachilungamo mofanana, moti wachilungamo uja amaphunzira kuti kuona mtima n'kuluza, chaka chamawa nayenso amatapa mchenga kudambo. Venda akaona mchenga amalimbitsanso sipuling'i. Mapeto ake soya wa dera lonse amatchuka ndi mchenga, ndipo wogula wamkulu wa ku Kanengo amatsitsira mtengo tonse.

Ena amati ndi bwino tingobwerera ku ndowa ndi chitini, zimene diso limaona. Koma ndowa nayo ili ndi mbiri yake. Yogulira imakhala yomenyedwa pansi kuti ikule mimba, yogulitsira imakhala yophwanyidwa m'mbali, ndipo mkangano wa kusefukira ndi kusalaza sunathe chiyambire makolo athu. Kubwerera ku ndowa kuli ngati bambo wa makorali uja atataya zipangizo zonse n'kudalira diso, pamene diso lomwelo ndilo linayamba kumunamiza. Enanso amati yankho ndi sikelo ya manambala, ija ya batire. Imathandizadi, chifukwa palibe kukangana kuti kamuvi kaloza pati. Koma nayonso imatcheredwa ndi mabatani, ndipo nambala yowala pagalasi imamuopsa mlimi kuposa kamuvi. Amangoti ndi kompyuta, singalakwitse.

Alimi ena ochenjera amayenda ndi paketi ya shuga ya kilo imodzi kuti ayesere sikelo. Ndi poyambira pabwino, koma kumbukirani chipangizo chija cholondola padzuwa n'kumanama pa nyali yabuluu. Chida chikanena zoona pamalo amodzi si ndiye kuti chinena zoona ponseponse. Pa sikelo yaikulu yopachika, kuperewera kwa pa kilo imodzi n'kochepa moti diso silingakuone, koma pofika pa 50 kwakula kukhala chakudya cha sabata. Sikelo iziyesedwa pafupi ndi kulemera kwa katundu amene mukugulitsayo. Zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza madzi zimapitirira makilogalamu 40. Thumba la feteleza losatsegula ndi 50. Zinthu zimenezi zili m'mudzi uliwonse.

Tsono tichite chiyani? Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi amatolera misonkho ya m'misika ndi ya ziphaso za malonda. Pa ndalama zimenezo, msika uliwonse waukulu ukhale ndi miyala yoyezera yachitsulo yodindidwa ndi MBS, yosungidwa kwa mkulu wa msika, ndipo wogulitsa aliyense akhale ndi ufulu woitenga n'kukaikoleka pa sikelo imene akuikayikira. Mwala sufuna batire, sufuna petulo, sufuna alawansi. Wogula wokana kuti sikelo yake iyesedwe achotsedwe pamsika tsiku lomwelo. Kumidzi, venda sazika mapolo ake asanaonekere kwa nyakwawa. Nyakwawa yodziwa kulandira moni wa m'manja idziwenso kuika malamulo a pamalopo: sikelo iziyang'ana kwa wogulitsa, kamuvi kaziyambira pa 0, kaziima kaye asanawerenge, ndipo m'mawa uliwonse chigubu cha madzi chizikolekedwa anthu akuona.

Makalabu a alimi ndi magulu a banki m'khonde atengere nzeru ya eni mathanki aja. Munthu mmodzi sangagule sikelo yabwino ndi choyezera chinyezi, koma anthu 20 angathe. Mlimi azichoka pakhomo akudziwa kale kulemera kwa thumba lake, nambala italembedwa pathumba pomwepo. Amene alibe choyezera chinyezi ali ndi njira ya botolo: kuthira chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula. Mchere ukakakamira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Si njira yopereka nambala, koma imakupatsa poyambira kutsutsa. Ndipo funso la mlongo wanga lija, loti kwinako n'kuti, yankho lake lili m'gulu momwemo. Mayi wa matumba 6 akauzidwa kuti pitani kwina, amagonja. Kalabu ya matumba 300 ikauzidwa choncho, imaitana wogula wina pafoni, kapena imasungitsa katundu wake kudikira mtengo. Umboni wa chigubu umagwira ntchito pokhapokha wougwirayo akakhala ndi kopita.

Pasapezeke wonena kuti anthu akumudzi sangazimvetse zimenezi. Mayi aliyense wa ku Dowa ndi ku Ntchisi amadziwa sikelo ina, yopachikanso pamtengo ngati yomweyi, imene alangizi a zaumoyo amayezera ana mwezi ndi mwezi. Mpaka ulendo womwewo tinautcha kupita kusikelo. Kumeneko mlangizi wodziwa ntchito amakoleka kaye kakabudula kopanda mwana n'kubweza kamuvi pa 0. Amadikira mwana asiye kuphiriphitha. Amawerenga diso lili moyang'anizana ndi sikelo, n'kulemba m'buku limene mayi amapita nalo kwawo, ndipo mayiyo akaona kuti mzere watsika amafunsa chifukwa chake. Mwambo wonse wa kuyeza bwino tili nawo kale, tinangousiya kusikelo ya ana. Mayi yemweyo akafika ndi soya kusikelo ya venda amauvula ngati nsapato pakhomo.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo. Mwana wa pulayimale amaloweza kuti lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, n'kukhoza mayeso, osadziwa kuti wanyamula chida chotetezera mayi ake. Tsiku la 20 Meyi, limene dziko lapansi limakumbukira za miyezo, limagwa pakati penipeni pa nyengo yathu yogulitsa mbewu. Tsiku limeneli lisamathere m'maholo a m'tauni. A MBS abwere nayo miyala yawo pamsika wa Mponela ndi pa boma la Ntchisi, ana asukulu abwere ndi zigubu, sikelo iliyonse ikolekedwe katundu wodziwika anthu akuonerera. Wogula wachilungamo, ndipo alipo ambiri, adzapindula kuposa onse, chifukwa lero akupikisana ndi mnzake wolemba mtengo wokwera pakatoni uku akubweza pa kamuvi.

Muphwa wanga anabwerera ku Durban kukalera miyala yake. Asanapite anasiya ndalama pang'ono, ndipo mlongo wanga ndi amayi anzake a m'gulu anawonjezerapo n'kugula sikelo yawo. Amaiyesa ndi zigubu asanayambe kuyeza. Chaka chino mlongo wangayo anapitanso ndi ngolo kumsewu, thumba lililonse litalembedwa nambala ndi makala. Mnyamata amene anamupeza pamalopo anawerenga manambalawo, anayang'ana chigubu chimene chinali pamwamba pa katundu, n'kukanda kumutu. "Mayi, sikeloyi lero ikuvutavuta," anatero. Anaitsitsa pamtengo, anapisa dzanja m'thumba limene anakhalira, n'kutulutsa ina. Imeneyo inawerenga 50, ngati mmene zinalembedwera.

Yoyamba ija sanaitaye. Anaibwezera m'thumba momwemo kudikira wobwera pambuyo, amene afike wopanda nambala ndi wopanda chigubu. Pokonza ulendo wanu wa kumsika chaka chino, kumbukirani kuti sikelo imeneyo ikadali m'thumbamo.